Altezza, Vitz kapena kudikira kaye? Kusankha galimoto yoyamba ya wachinyamata

Mwana wa mlongo wanga anatenga laisensi atangokwanitsa zaka 18. Loweruka lina anafika kunyumba kwanga, ndipo asanakhale n'komwe pansi anandiika foni m'manja. "Amalume, taonani iyi. Mwini wake akuti ikuchoka msanga." Pachithunzipo panali Toyota Altezza yoyera, yotsitsidwa mpaka bampa kutsala pang'ono kunyambita dothi, marimu akuda, ekizozi yotakata ngati chitini cha mkaka. Mtengo wake unali wotsika kuposa wa Vitz yomwe mayi ake ankalingalira zomugulira. Mfundo ya mnyamatayo inagona pomwepo: ngati yamphamvu ikutchipa kuposa yofooka, tiguliranji yofooka?

Funso limeneli ndi lanzeru, ndipo kuliyankha mokalipa n'kulakwa. Mwana amene wamukaniza popanda kumufotokozera amangodikira tsiku limene adzakhale ndi ndalama zake. Choncho tinakhala pansi n'kuyamba kuyerekeza galimoto imodziimodzi, ndipo zomwe tinakambirana ndi zomwe ndikulemba pano.

Mtengo weniweni suli pagalasi

Altezza inapangidwa kuyambira 1998 mpaka 2005. Ndiye kuti ngakhale yomalizira kutuluka m'fakitale ndi yaikulu kuposa mnyamata amene akuifunayo. Ikutchipa chifukwa anthu odziwa zomwe imadya amaizemba, ndipo wogulitsa akudziwa kuti wogula wake ndi wachinyamata amene maso ake ali pa marimu.

Galimoto siigulidwa tsiku limodzi. Mumaigulanso sabata iliyonse pa pampu, mwezi uliwonse kugalaja, chaka chilichonse ku inshulansi ndi ku COF, chiphaso chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Thanki ya Vitz imalowa malita pafupifupi 42, ya Altezza 60, ya Mark X 70, ndipo zikuluzikuluzo sizikhalitsa kuposa yaing'onoyo, chifukwa injini zake zimamwa kwambiri, makamaka m'tauni momwe mumangoima n'kunyamuka. Aliyense amene anagonapo pamzere wa mafuta ku Lilongwe kapena ku Blantyre m'zaka zapitazi akudziwa kuti malita 10 m'kagalimoto kakang'ono amakusungani masiku angapo, pomwe mu injini yaikulu ya V6 amangotha ngati mwawathira pamchenga. Tikumbukirenso kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Pafupifupi sipeya iliyonse imachokera kunja ndipo imagulidwa ndi ndalama zakunja. Galimoto yofuna zipangizo zosowa imapweteka kawiri: mtengo wake, ndi milungu yodikira kuti zifike.

Pali nkhani ya petulo yomwe achinyamata ambiri saidziwa. Ku Japan pa pampu mumasankha pakati pa petulo wamba (regular) ndi wa muyezo wapamwamba (high-octane). Magalimoto monga Altezza RS200, Subaru WRX, Mazda RX-8 ndi Toyota 86 anapangidwira high-octane. Kuno mumathira petulo amene mwamupezayo. Injini ya turbo yomwe ikuthamangitsidwa masana kukutentha ndi petulo wosakwana muyezo wake imayamba kugogoda m'kati, ndipo kugogodako kukapitirira kumawononga mapisitoni.

Ndiye matayala. Tayang'anani manambala olembedwa m'mbali mwake. Altezza RS200 ndi Toyota 86 zimavala 215/45 R17. Vitz zambiri zimavala 165/70 R14 kapena 175/65 R15. Nambala yapakatiyo ikunena za kutalika kwa khoma la tayala: pa 215/45 khomalo ndi pafupifupi masentimita 9.7, pomwe pa 165/70 ndi pafupifupi 11.5. Masentimita awiriwo akuoneka ochepa, koma ndi amene amalandira nkhonya mukagwera m'dzenje usiku pa M1. Tayala lokhuthala limameza nkhonyayo. Lopyapyala limaipereka ku rimu, rimu n'kupindika, tayala n'kutuluka chotupa m'mbali, ndipo tayala lachotupa silisokedwa. Kugula limodzi la 17 kuli ngati kugula awiri a Vitz.

Chomwe ndinaona ndekha

Ndalama ndi mbali yopepuka ya nkhaniyi. Ndili ndi zaka 22 ndinabwereka galimoto ya achimwene, yokankhidwa ndi matayala akumbuyo, kupita ku ukwati wa mnzathu. Pobwerera kunali kutada, mvula yoyamba itangowaza pang'ono, anzanga atatu ali kumbuyo akukuwa kuti "Ponda moto, iwe, tikafike!" Ndinaponda. Pakona ina yomwe ndinkaidziwa bwino ndinamva kumbuyo kwa galimoto kukupepuka, ngati munthu waikoka mchira. Ndinakhotetsa chiwongolero mopitirira, ndinaponda buleki, ndipo zonse ziwirizo zinali zolakwika. Tinazungulira n'kukathera m'ngalande, magetsi akuwalitsa mizere ya m'munda wa munthu. Palibe anavulala kwambiri. Koma titatuluka ndinaona bambo wina ataima chapatali ndi njinga yake yodzaza matumba a makala, akutiyang'ana osalankhula kanthu. Tinali titamudutsa masekondi ochepa chabe tisanaterereke. Nkhope yake ndimaikumbukira mpaka lero.

Galimoto yokokedwa ndi matayala akutsogolo, monga Vitz, Demio kapena Fit, mukailowetsa pakona mothamanga imafuna kupita molunjika. Woyendetsa wamantha amachotsa phazi pamafuta, ndipo mwamwayi chimenecho ndiye chofunika: matayala amagwiranso. Yokankhidwa ndi akumbuyo, yokhala ndi mphamvu zambiri, imatembenuza mchira, ndipo kuibweza kumafuna manja ozolowera. Munthu wa miyezi itatu pamsewu manja amenewo alibe, ngakhale atakhala wanzeru chotani.

Bungwe la WHO limati ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka padziko lonse, ndipo ndizo zikutsogola pa zinthu zopha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Limanenanso kuti liwiro likakwera ndi 1 peresenti yokha, mpata wa ngozi yakupha umakwera ndi 4 peresenti. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola galimoto imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Kuyang'ana foni masekondi anayi ndiye kuti mwayenda pafupifupi kutalika kwa bwalo la mpira mutatsinzina. Mukawirikiza liwiro kawiri, mtunda woimira suwirikiza kawiri, umawirikiza kanayi. Tsono misewu yathu si yamagalimoto okha. Pa Lizulu, pa Tsangano, pa Lunzu, msika uli mumsewu momwemo: akabaza, ana a sukulu, mbuzi, amayi osenza madengu.

Maiko ena anaika zimenezi m'malamulo. Ku Australia, m'zigawo monga Victoria ndi New South Wales, woyendetsa watsopano saloledwa kuyendetsa galimoto yomwe mphamvu zake zikupitirira makilowati 130 pa tani iliyonse ya kulemera kwake. Subaru WRX STI imagwa m'gulu loletsedwalo. New Zealand inayamba kale mu 1987 kupereka laisensi m'masitepe, kuletsa ongoyamba kumene kuyendetsa usiku kwambiri ndi kunyamula anzawo popanda wamkulu. Anachita zimenezi chifukwa zinthu zitatu zikakumana, ubwana pachiwongolero, mdima ndi anzako m'galimoto, ngozi zimachuluka. Kwathu kuno mpanda umenewu ayenera kumanga ndi makolo.

Magalimoto omwe achinyamata amawalota

Altezza ili mitundu iwiri yodziwika: AS200 ya masilinda 6 ndi mphamvu za 160 horsepower, ndi RS200 ya masilinda 4 yomwe ya giya wamanja imafika 210. Ndi galimoto yopangidwa bwino, sindikunyoza. Vuto ndi loti zomwe zatsala pamsika zadutsa m'manja ambiri, ndipo ambiri mwa manjawo ankaifunira chomwe mwana wa mlongo wanga ankaifunira. Tinapita kukaiona ija ya pachithunzi, nditatenga makaniko wanga. Tinapempha kuti tiipeze isanalizidwe. Titafika, makaniko anaika dzanja pa boneti, n'kupeza ndi yofunda. Anagwada n'kusuzumira pansi: sampu yowotchereredwa, masipuling'i odulidwa kuti itsike, matayala akumbuyo atadyeka m'kati mpaka waya kuonekera pomwe kunja akuoneka atsopano. Atailiza n'kuponda mafuta, utsi wabuluu unatuluka. Anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu, "Bwana, chikomekome cha mkuyu ichi." Mnyamatayo anaona yekha, sindinafunikire kuwonjezera mawu.

Toyota Mark X, yomwe inapangidwa kuyambira 2004 mpaka 2019, kwenikweni si galimoto yampikisano, koma achinyamata amaikonda kwambiri. Ya 2.5 ili ndi V6 yopitirira 200 horsepower, imakankhidwa ndi matayala akumbuyo, ndipo imalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka. Imayenda mwakachetechete moti pa 130 mumamva ngati muli pa 80. Kwa munthu wamkulu kumeneko ndi kukoma kwake. Kwa wongoyamba kumene ndi msampha, chifukwa thupi silimuuza kuti wathamanga.

Subaru Impreza WRX imakoka ndi matayala onse anayi, ndipo ena amati chifukwa cha chimenecho ndi yotetezeka. Imagwiradi msewu ponyamuka ndi pakona. Koma matayala anayi okoka sachepetsa mtunda woimira, ndipo galimoto yogwira kwambiri ikadzataya msewu imakhala ili pa liwiro lomwe palibenso chobweza. Turbo imafuna oyilo wabwino wosinthidwa panthawi yake, lamba wa timing akaduka injini yapita, ndipo ngakhale kusintha mapulagi n'kovuta chifukwa injini yake inagona chammbali.

Mazda RX-8 ndiye musaiyandikire n'komwe. Imatchipa mochititsa chidwi, ndipo pali chifukwa. Injini yake ndi ya rotary, ilibe mapisitoni, imawotcha oyilo mwadala, imatha kukana kulira mukaizimitsa isanatenthe, ndipo ikafooka m'kati amakaniko oidziwa bwino ndi owerengeka. Mazda anasiya kuipanga mu 2012.

BMW 3 Series yakale ndi Golf GTI zimakoma kuyendetsa, koma zimadwala matenda a magetsi ndi masensa ofuna kompyuta kuti adziwike, ndipo giyabokosi ya automatic ya Golf, yotchedwa DSG, ikavuta mtengo wokonzera umatha kuyandikira wa kagalimoto kena kathunthu.

Mwa onsewa, Toyota 86, yomwe inatuluka mu 2012 pamodzi ndi mapasa ake Subaru BRZ, ndi yomwe ndingaimvetse. Ili ndi 200 horsepower, ilibe turbo, ndipo ili ndi makina othandiza kuti isaterereke. Komabe ndi yodula, mipando yakumbuyo ndi ya zikwama basi, ndipo pansi pake pali masentimita 13 okha, ndiye hampu iliyonse mumaikwera chopingasa. Imeneyi ikhale galimoto yachiwiri kapena yachitatu, yogula ndi thukuta lako.

Ting'onoting'ono kwambiri

Kumbali inayo kuli Daihatsu Mira ndi Suzuki Alto, zomwe zadzaza m'matauni mwathu. Ku Japan zili m'gulu la kei: injini siipitirira 660cc, mphamvu sizipitirira 64 horsepower, kutalika mamita 3.4. Mafuta zimangonunkhiza, ndipo kwa mwana wopita kukoleji n'kubwerera m'tauni momwemo zimagwira ntchito. Koma makolo asaganize kuti yofooka kwambiri ndiye yotetezeka kwambiri. Bungwe la IIHS la ku America, lomwe limayesa magalimoto powawombetsa, limalangiza kuti achinyamata apewe zonse ziwiri, zamphamvu kwambiri ndi zazing'ono kwambiri, chifukwa pakuwombana yopepuka ndiyo imavutika. Mira pakati pa mathiraki pa msewu wa Zalewa, ikuyesa kupitirira thanka pachitunda, ine mtima sukhala m'malo.

Pakati pomwe pali nzeru

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo: magalimoto a injini za 1.3 mpaka 1.5, okokedwa ndi matayala akutsogolo.

Toyota Vitz inayamba mu 1999 ndipo dzinali linatha mu 2020 pomwe ku Japan nakonso anayamba kuitcha Yaris. Ubwino wake waukulu ndi woti palibe makaniko amene sanaitsegulepo. Ku Biwi, ku Ndirande, ku Limbe, ku Mzuzu, sipeya yake mumaipeza tsiku lomwelo, yatsopano kapena yochotsa ku ina. Ya 1.0 kuyambira 2005 ili ndi masilinda atatu ndi mphamvu za pafupifupi 70 horsepower. Imanjenjemera ikaima, imadya mamaunting'i a injini, ndipo mukakwera anayi n'kuyatsa AC pachitunda cha Chiweta mumaimvera chisoni. Ya 1.3 ndiyo ndimaikonda: kusiyana kwa mafuta n'kochepa, koma ili ndi mpweya wokwanira kupitirira lole mosachedwa kumbali ya anzanu. Mukadzafuna kuigulitsa, wogula sasowa.

Passo, yomwe amapanga a Daihatsu m'dzina la Toyota, ili ndi injini ya 1.0 yomweyo, imatchipirapo, koma ndi yofewa miyendo ndipo pakona imapendama. Nissan March nayo ndi ya m'tauni. Zonsezi zingathandize ngati thumba lafika pomwepo.

Honda Fit imapambana pa malo. Thanki yake ili pansi pa mipando yakutsogolo, ndiye kumbuyo mumalongedza katundu wodabwitsa, chinthu chothandiza kwa wachinyamata amene akufuna kuyamba kabizinesi. Koma sankhani mosamala. Yoyambirira ya 2001 mpaka 2007 imadziwika ndi kunjenjemera kwa giyabokosi ponyamuka, ndipo ya 1.3 ili ndi mapulagi 8, awiri pa silinda iliyonse. Amakaniko ena amangosintha anayi akutsogolo n'kusiya akumbuyo. Ya 2007 mpaka 2013 ndi yokhazikika. Fit Hybrid yoyambira 2013, yoyendera petulo ndi batire, ili ndi giyabokosi ya makilachi awiri yomwe a Honda anaiitanitsa kangapo kukaikonza, ndipo siikonda kukwawa pamzere wautali.

Kwa mwana amene mtima wake uli pa kukoma kwa kuyendetsa, ndimaloza Mazda Demio ndi Suzuki Swift. Ndi zopepuka, chiwongolero chake chimamvera, ndipo munthu amasangalala nazo pa liwiro lololedwa. Chinsinsi chomwe okonda magalimoto enieni amachidziwa ndi chakuti kuyendetsa galimoto yaing'ono mwaluso kumaphunzitsa zambiri kuposa kuopa yaikulu. Demio ya 2007 mpaka 2014 imalemera pafupifupi tani imodzi. Yotsatira yake, kuyambira kumapeto kwa 2014, ili ndi giyabokosi ya automatic ya magiya 6 m'malo mwa CVT (automatic yopanda magiya owerengeka), ndipo m'kati mwake mumaoneka ngati galimoto yodula. Ingopewani ya dizilo 1.5 ngati maulendo anu ndi aafupi, chifukwa sefa yake ya utsi imatsekeka ndi mwaye. Zipangizo za Demio ndi Swift zimapezeka, ngakhale osati paliponse ngati za Toyota. Palinso Vitz RS ndi Fit RS za 1.5, zokhala ndi maonekedwe aukali pang'ono komanso giya wamanja pa zina. Kwa mwana wolimbikira kuti akufuna "yooneka", apa ndi pomwe mungakumane pakati. Swift Sport ya 1.6, ya 125 horsepower kapena kuposerapo, imafuna high-octane, ndiye idikire kaye.

Ngati mwanayo aziyenda maulendo ataliatali, kuchoka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu kapena ku Zomba, ndipo ndalama zilipo, Corolla Axio kapena Fielder ya 1.5 ndi yabwino kuposa zonsezi. Ndi yokulirapo, imakhazikika pamsewu, ndipo injini yake ya 1NZ yadziwika kwa zaka zambiri kuti siifa msanga. Palibe mnyamata amene amaiika pa foni ngati chithunzi chake, koma imamufikitsa. Toyota Aqua, ya hybrid, imasunga mafuta koposa, kungoti yakale ingakhale ndi batire lotopa, ndipo ndi yotsika pansi.

Chenjezo limodzi pa magalimoto ambiri a m'gululi: giyabokosi yake ndi CVT, ndipo imafuna mafuta akeake. Wina akathiramo ATF, mafuta a automatic wamba, miyezi ingapo giyabokosi yatha. Muziona botolo ndi maso anu lisanatsegulidwe.

Chaka chomwe galimoto inapangidwa n'chofunika kuposa dzina lake. Pali makina otchedwa ESC, omwe a Toyota amati VSC, a Honda VSA, a Mazda DSC. Galimoto ikayamba kuterereka, makinawa amagwira buleki ya tayala limodzi lokha n'kuiwongola woyendetsa asanazindikire n'komwe. Ndi chimene chikanandipulumutsa usiku uja wa ukwati. Japan inalamula kuti mitundu yatsopano ikhale nawo kuyambira October 2012, ndipo yomwe inali kale pamsika kuyambira October 2014, pomwe za kei zinapatsidwa nthawi yotalikirapo. Choncho Vitz, Fit kapena Demio ya 2015 kupita mtsogolo ili nawo. Pa yakale, tembenuzani kiyi osaliza injini, muyang'ane kachizindikiro ka galimoto yokhala ndi mizere yokhotakhota kumbuyo kwake. Onaninso kuti nyali ya airbag ndi ya ABS zikuyaka kenako n'kuzima. Nyali yosayaka n'komwe nthawi zina imakhala kuti wina anachotsa babu kuti abise vuto. Magalimoto ambiri a ku Japan a zaka za m'ma 2000 anakhudzidwanso ndi vuto la ma airbag a Takata, omwe amatha kuphulika ndi tizitsulo, ndiye ndi bwino kufufuza ndi nambala ya chasisi ngati anasinthidwa.

Kuitanitsa kapena kugula ya pompano

Ku Japan galimoto imayesedwa koyamba ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo mtengo wa kuyesako umachititsa ambiri kugulitsa magalimoto akadali abwino. N'chifukwa chake masamba ngati Be Forward ndi SBT ali odzaza. Koma mtengo womwe mwana akuuona pafoni, ngakhale utaphatikiza sitima, ndi wofikitsa padoko la Dar es Salaam basi. Pali zolipira padoko, woiyendetsa kudutsa ku Mbeya mpaka pa Songwe, ejenti, msonkho wa MRA, kulembetsa ku Road Traffic, manambala, COF ndi inshulansi. Msonkho umakwera malinga ndi kukula kwa injini komanso ukalamba wa galimoto, ndiye yakale ya injini yaikulu imalangidwa mbali zonse ziwiri. Funsani kuchuluka kwa msonkho musanatumize dola ngakhale imodzi. Magalimoto ena amakhala pa boda miyezi chifukwa mwini wake anawerengera theka la ulendo.

Ya pompano ubwino wake ndi woti mumaigwira ndi manja. Pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Ipezeni yozizira m'mawa. Yerekezani nambala ya chasisi ndi ya pa buluu buku, ndipo musinthe umwini nthawi yomweyo. Ma Vitz, Passo ndi Sienta ambiri anagwirapo ntchito ya takisi, ndiye musakhulupirire makilomita a pa dashibodi. Onani mmene mapedulo, chiwongolero ndi mpando wa dalaivala zathera.

Pa inshulansi, ya third party ndi yokakamiza mwalamulo, koma imalipira amene mwamuwonongera, osati galimoto yanu. Ngati mungakwanitse comprehensive, yomwe imalipira ndi galimoto yanu yomwe, tengani, ndipo nenani zoona kuti woyendetsa ndi wazaka 18. Funsaninso ngati pali ndalama yowonjezera yomwe woyendetsa wachichepere amalipira yekha ngozi ikachitika.

Abale athu akunja

Amene muli ku South Africa, nkhani imasintha pang'ono. Kumeneko Polo Vivo, yopangidwa ku Kariega kuyambira 2010, ili ngati mmene Vitz ilili kuno: zipangizo zili paliponse. Kungoti akuba nawonso amaikonda, ndiye werengerani inshulansi ndi tracker. Musaisokoneze ndi Polo yochokera ku Japan ya injini ya TSI ndi DSG, yomwe ndi nyama ina.

Ku Britain mwana amayendetsa ali ndi zaka 17, ndipo kumeneko inshulansi ndiyo imasankha galimoto. Magalimoto anaikidwa m'magulu kuyambira 1 mpaka 50, ndipo wachinyamata wofuna ya gulu lapamwamba amatha kuuzidwa mtengo woposa wa galimotoyo. Yaris, Fiesta, Corsa kapena Polo za injini zazing'ono, pamodzi ndi kabokosi kowerenga mayendetsedwe kotchedwa black box, ndiyo njira ya ambiri. Kulembetsa kholo ngati woyendetsa wamkulu pomwe galimoto ndi ya mwana ndi mlandu wachinyengo. Ndipo mapointi 6 a chilango cha milandu ya pamsewu m'zaka ziwiri zoyambirira amalanditsa laisensi.

Njira yomwe palibe amafuna kuimva

Pali njira inanso: osagula kaye. Mwana ayendetse galimoto ya pakhomo miyezi 6 kapena chaka, wamkulu ali pambali, masana ndi usiku, pamvula, pafumbi, m'tauni nthawi yoweruka, ndi pa M1. Sukulu yoyendetsa imaphunzitsa kukhoza mayeso. Kuwerenga maganizo a woyendetsa minibasi amene waona pasinjala, kapena kudziwa kuti mwana mmodzi akadutsa msewu mnzake akubwera pambuyo, zimenezo zimabwera ndi makilomita. Pa nthawiyo ndalama zikuunjikana, ndipo mwina zingafike pa galimoto ya 2015 m'malo mwa ya 2007. Ngati pali mwayi wophunzira ya giya wamanja, aphunzire. Imamutanganitsa manja onse awiri, ndipo idzamuthandiza pofuna ntchito.

Ife tinatenga njira imeneyi. Mnyamatayo anayendetsa Fielder yanga miyezi 8, ine ndili pambali Loweruka lililonse. Anakwiya masabata oyambirira, ndipo sindinamuletse kukwiya. Kenako mayi ake anawonjezera ndalama, iye anaikapo zomwe anapeza pa maganyu okonza makompyuta, ndipo tinagula Demio ya petulo 1.3 ya 2015, yofiira, yomwe anasankha yekha. Inadula kuposa Altezza ija. Tsiku lomwelo tinaiveka matayala anayi atsopano, chifukwa omwe inabwera nawo anali a m'chisanu cha ku Japan, ofewa, osayenera phula lathu lotentha. Tinagwirizana zinthu zitatu za chaka choyamba: mnzake mmodzi yekha m'galimoto, ikakwana 9 koloko usiku ikhale ili pakhomo, ndipo tsiku lomwe walawa mowa aimbe foni, ndidzamutenga popanda kumufunsa mafunso usiku umenewo.

Altezza ikadutsa amatembenukabe khosi, ndipo chithunzi chija sanachifufute. Mwezi wamawa akupita yekha ku Dedza kukaona agogo ake, ulendo wake woyamba wautali popanda ine. Dzulo madzulo ndinamupeza atagwada pafupi ndi tayala lakutsogolo, geji ili m'manja, akuyeza mpweya.